Kwa Malenga Chanzi nyimbo zili ndi eni ake

Akuluakulu anati nyimbo imodzi sachezera gule, koma ife oimba magitala a mumzinda wa Lilongwe takhala tikuchezera zomwezomwezo. Tikakumana Loweruka madzulo, wina ndi gitala, wina besi, wina kang'oma kogula pamsika wa ziboliboli, timayamba ndi za Allan Namoko, tidutse kwa Daniel Kachamba, tifike kwa Robert Fumulani, basi zathera pomwepo. Zotsalazo ndi rege wa ku Jamaica ndi kwasakwasa wa ku Congo. Sikuti zakunjazi n'zoipa ayi. Chimene chimandiwawa n'chakuti tikati tivinitse anthu mwakwathu timangoyang'anana, aliyense akudziwa kachidutswa, wodziwa nyimbo yonse ndi mayankhidwe ake palibe. N'chimene chinandikweza basi ya ku Nkhotakota mwezi wa Seputembala, foni ili m'thumba, kope ndi cholembera zili m'chikwama, gitala nditamusiya dala kunyumba.

Za msewu wa ku Salima sindichedwapo, ambiri mumaudziwa. Ukatsika mapiri a Dowa kutentha kumakulonjera nyanja usanaione n'komwe. Pa Kaphatenga basi imakhotera kumpoto kulowa M5, ndipo kuyambira pamenepo ulendo umakhala wa anthu a kunyanja: madengu onunkhira usipa wouma, matumba a mpunga, zigubu za petulo wa injini za maboti, azimayi a mipango kumutu akupatsana salamu. Khombedza, Thavite, Benga. Pa mlatho wa Chia, pamene nyanja yaing'ono ya Chia imathira m'nyanja yaikulu, anyamata amathamangira basi atatukula chambo m'mwamba, ndipo pochoka pamenepo nsomba zimakhala zili lendelende pa magalasi a kutsogolo kuti mphepo iziziziritse. Kuchoka ku Lilongwe kukafika pa boma ndi makilomita pafupifupi 200, koma thupi limawerenga ochuluka kuposa amenewo.

Dera lozungulira boma la Nkhotakota ndi la mfumu yaikulu Malenga Chanzi. Safunsa anadya phula. Munthu sungalowe m'mudzi ndi foni yojambulira usanaonekere kwa eni mudzi, choncho mnzanga wina, mphunzitsi wa pulayimale amene ndinafikira kwake, anayamba wanditengera kwa a gulupu. Tinakhala pamkeka, tinaomba m'manja, mnzangayo n'kufotokoza chimene ndadzera. A gulupu anandiyang'ana nthawi ndithu.

"Takulandirani, bambo. Ena amabwera kudzagula mpunga, ena usipa, inu mwadzera nyimbo. Nanga mukazitenga, kuno titsala ndi chiyani?"

Tonse tinaseka, iwonso anaseka. Koma funso limeneli ndinakumana nalo paliponse pamene ndinatulutsa foni, ndipo sikuti nthawi zonse linkabwera ndi nthabwala.

M'mawa mwake ndinayendayenda ku Linga, mudzi wakale wa m'mphepete mwa nyanja. Pano ndi padoko, ndipo padoko pamafika zambiri. Cha m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene anakhala Jumbe woyamba, anapatsidwa malo pano ndi mfumu ya Achewa, Malenga Chanzi wa nthawi imeneyo, ndipo sipanatenge nthawi mlendoyo anakula mphamvu kuposa mwini malo. Zombo zake zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. Pobwerako zinkadza ndi nsalu, mfuti ndi Chisilamu. Mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 ulipobe, pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Amishoni a Anglican anakhazikika pano mu 1894, ndipo m'tchalitchi cha All Saints muli manda a bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895.

Mbiri yonseyi imamvekabe m'makutu, ngakhale kwa munthu amene sanatsegulepo buku. Mbandakucha umadzutsidwa ndi kuitana kwa kumzikiti. Lamulungu kwaya imaimba m'mawu anayi monga anaphunzitsira amishoni. Pakakhala mwambo wa Asilamu umamva sikiri, anyamata akupuma mwamphamvu kuchokera pachifuwa, phazi likugunda pansi limodzi. Ukakwera kumtunda, kutali ndi madzi, mbalule ya gule wamkulu imalankhula. Amene akusaka nyimbo ya Chichewa yosakhudzanapo ndi mlendo aliyense, pa Nkhotakota wasochera. Ndipo gule amene ine ndinadzera ndiye umboni woposa onse.

Wa kabaza ananditengera kumwera kwa boma, njira ya ku Sani, kudutsa minda ya chinangwa ndi mitengo ya mango itayamba kuonetsa timango. Khomo lililonse linali ndi chinangwa choviika chili mbuu pathandala, fungo lake lija la kondowole lili ponseponse. Agogo amene ndinalozeredwa ndinawapeza patsinde pa mango, mphonda zili mbwee pambali pawo, akuboola imodzi ndi kampeni. Anali akukonza malipenga.

Cha kumpoto, kufupi ndi Atonga a ku Nkhata Bay, guleyu amati malipenga; kumtunda cha ku Ntchisi, Dowa ndi Kasungu amati mganda; pakati pano umamva mayina onse awiri, ngakhale odziwa amasiyanitsa kaponyedwe ka mwendo. Chiyambi chake si chinsinsi. Gulu la asilikali la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ambirimbiri a dziko lino anatengedwa, ena kukagwira mfuti, ochuluka kukasenza katundu ngati amtengatenga. Kumeneko anaona perete ndi bandi ya malipenga a chitsulo. Atabwerera kumudzi ndalama yogulira chitsulo panalibe, koma mphonda zinali m'munda. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger, m'buku lake la mu 1975 lonena za beni, anatsata magule a mtundu umenewu mpaka ku Mombasa ndi ku Lamu m'zaka za m'ma 1890. Chifukwa cha chiyambi cha usilikali chimenechi gulu la ovina limatchedwa boma, ndipo lili ndi kingi wake, kaputeni wake, ngakhale dokotala amene amayendera mizere kuona ngati wina wadwala kapena sanasambe. Ovinawo amavala kabudula woyera wosita bwino, masokosi ofika m'maondo, tayi, ndi kansalu m'manja.

Ophunzira amakangana ngati makolo athu ankawanyoza azungu kapena ankawasirira. Ndinawafunsa agogowo.

"Zonse ziwiri, mwanawe. Ankawaseka kayendedwe kawo kouma khosi kaja. Komanso ankafuna awaonetse kuti kuchapa ndi kusita ifenso timatha, mwina kuwaposa."

Ine yankho limeneli linandikwanira kuposa zambiri zimene ndinawerenga.

Tsono lipenga la mphonda saliuzira. Mlendo aliyense amayamba ndi kufufumitsa masaya, chotuluka n'kukhala mphepo yokhayokha, ana ali gwa! nako kuseka. Lipengali amaimbiramo. Kumene kuli kamwa kuli kabowo kamene amamatapo kachikopa koyera kaja kamene kangaude amaikiramo mazira pakhoma. Mawu a munthu akagwedeza kachikopako, mphonda imawakuza n'kuwapatsa kulira kwa chitsulo. Masiku ano ambiri amamatapo pulasitiki wopyapyala wa jumbo. Agogo amati amalira mokuwa koma mosakoma, ndipo awoawo amamatabe ndi cha kangaude akachipeza. Mphonda zazing'ono zimatenga mawu apamwamba, zazikulu zimagwira besi, zapakati zimadzaza mpata.

Kwa woimba gitala nkhani imeneyi ndi yaikulu. Ife tinazolowera kuba ndi maso: umayang'ana zala za mnzako, waona pamene wagwira, basi nyimbo watenga. Pa lipenga palibe chala choti uyang'ane. Nyimbo yonse ili pakhosi, ndipo mawu a pakhosi amaterereka kuchoka apa kufika apo, kudutsa malo amene pa gitala palibe.

"Agogo, tandiimbirani imodzi yokha, pang'onopang'ono, ndijambule."

"Nditakhala pansi chonchi? Iyayi, siingatuluke. Dikirani dzuwa lipendeke, anyamata adzuke. Usiku anali panyanja. Mukaimve ili pa miyendo."

Dzuwa litapendeka anabweradi, osati ndi zoyera zija ayi, ndi makabudula ong'ambika a kunyanja, chifukwa inali pulakatisi chabe. Anayatsa udzu n'kuwamba ng'oma mpaka zikopa zitakungika. Ng'oma yaikulu ya mbali ziwiri anaipachika pamphanda, ting'oma tating'ono pambali. Anafola mizere, ataliatali kutsogolo, tianyamata tophunzira kumbuyo. Wezulo italira, wotsogolera anaponya mawu, onse anavomera, anabwereza kangapo ndi pakamwa, kenaka wezulo inaliranso, malipenga onse pakamwa, ndipo nyimbo yomwe ija inasanduka bandi. Fumbi linakwera. Azimayi amene ankapita kukatunga madzi anatula ndowa.

Apa m'pamene ndinamvetsa mawu a agogo aja. Nyimbo ya malipenga ilibe utali wakewake. Imatha pamene kaputeni waona kuti sitepe yakwana. Pali malo pamene malipenga amadukiza mwadzidzidzi, ndipo ukamamvetsera pa foni umayesa alakwitsa. Ukaona ndi maso, ndi pamene onse atembenuka, mwendo uli m'malere, kansalu kali m'mwamba, ng'oma yaikulu n'kugunda kamodzi kuwatsitsa. Kudukizako ndi mbali ya nyimbo. Ukachotsapo mwendo, mpata umenewo umasanduka bowo lopanda tanthauzo, ndipo woimba wa m'tauni amathamangira kulitseka ndi makodi. Chinanso, ng'oma yaikulu imayenda mwa perete, kumanzere kumanja, pamene ting'oma timagawa kugunda komweko patatu. Kukoma konse kuli pa kukokana kumeneku. Oimba ambiri a mu situdiyo amasankhapo kumodzi, kawirikawiri kwa perete, ndipo chotuluka ndi nyimbo ya sukulu yopita nayo ku asembule.

Atapuma ndinapempha kuti andiimbire zakale, za nthawi ya makolo. Kaputeni, bambo wa zaka za m'ma 40, msodzi wa chilimila, anapukusa mutu.

"Achimwene, boma lopita ku mpikisano ndi nyimbo ya chaka chatha limakasekedwa. Atsikana a mudzi umenewo amakuimbirani okha musanayambe."

Nyimbo zimene ankakonza chaka chimenecho zinali za mtengo wa feteleza, za kukwera kwa nyanja kumene kunamiza nyumba ndi magombe mu 2024, za madzi osefukira a ku Dwangwa, za mnyamata wopita ku Joni amene amatumiza zithunzi pa WhatsApp koma ndalama osatumiza. Komabe agogo, amene ankamvetsera ali chete, anandinong'oneza kuti ziwiri mwa nyimbozo anazivinapo ali mnyamata, mawu ali ena. Chuni chakale chimamatidwa mawu atsopano ngati bwato lakale lomatidwa phula, n'kubwereranso pamadzi. Chakale chimene ndinkafuna chinali pomwepo, chitavala za lero.

Kaputeni anandipatsa lamulo limodzi. Zimene ndajambula zisaonekere pa Facebook kapena pa foni ya munthu wina mpaka mpikisano utadutsa. Maboma amazondana. Kale ankatuma kamnyamata kukabisala patchire kumvera pulakatisi ya anzawo. Lero mlendo mmodzi wa foni angathe kuulula ntchito ya miyezi itatu pa mphindi imodzi. Ndinalonjeza, ndipo n'chifukwa chake m'nkhani ino simupezamo dzina la boma limenelo kapena mawu a nyimbo zawo.

Usiku, ndikumvetsera zimene ndinajambula, maganizo anapita ku chilumba china chimene ndinawerengapo mbiri yake, Isle of Man, pakati pa England ndi Ireland. N'chaching'ono, masikweya kilomita 572, moti chingalowe katatu m'nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve. Anthu ake ndi pafupifupi 84,000, pamene m'boma la Nkhotakota kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 390,000. Kumeneko nyimbo ndi magule a makolo zinatsala pang'ono kutheratu. M'zaka za m'ma 1890 dokotala wina, John Clague, pamodzi ndi abale awiri, W. H. Gill ndi J. F. Gill, anayenda m'midzi kulemba nyimbo kuchokera kwa asodzi ndi alimi okalamba, ndipo mu 1896 kunatuluka buku la Manx National Songs. Pambuyo pake mayi Mona Douglas, amene anabadwa mu 1898 n'kumwalira mu 1987, anasonkhanitsa magule. Ena anawapeza atangotsala m'makumbukiro a nkhalamba, iye n'kulumikiza zidutswazo, moti mpaka lero akatswiri amatsutsana kuti za makolo ndi ziti, zake ndi ziti. Mu 1978 Colin Jerry anatulutsa kabuku ka machuni kotchedwa Kiaull yn Theay, ndipo oimba a pachilumbapo akakumana madzulo ndi mavayolini ndi zitoliro zawo, ambiri mwa machuni amene amaimba anawaphunzira m'mabuku oterewa.

Ndimawasirira chifukwa cha kabukuko, sindinama. Mnyamata wa kumeneko akafuna chuni chovinira amatsegula tsamba. Koma machuni awo amalola kutero: ambiri ali ndi zigawo ziwiri, chilichonse chobwerezedwa, utali wake wodziwika, ndipo amaimbika popanda mawu. Komanso iwo analemba chifukwa anafika pa maliro. Ife sitinafikepo. Kwa Malenga Chanzi gule ali moyo, akupeka nyimbo chaka ndi chaka, ndipo pepala lokha silingamunyamule. Wofuna kusunga ayenera kujambula kanema woonetsa miyendo, ndi kulemba mayina a anthu.

Wojambula anafikapo kale m'dziko muno. Hugh Tracey anayenda mu Nyasaland ndi makina ake mu 1950 ndi mu 1958, ndipo zina anajambula ku Visanza, kumene lero timati Ntchisi, nthawi imeneyo kuli pansi pa boma la Kota Kota. Zonsezo zimasungidwa ku International Library of African Music, imene iye anayambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Ntchito yake inali yaikulu, ndipo popanda iye mawu a anthu amenewo sitikanawamvanso. Ndinali nazo zingapo pa foni, choncho tsiku lina ndinawatsegulira azimayi amene ankayanika usipa pa matandala kugombe. Anamvetsera mwachidwi, wina n'kuyamba kugwedeza phewa. Kenaka mayi wachikulire anabweza foni.

"Zabwino ndithu. Koma amenewa ndi a kumtunda, bambo. Kuno sitikoka mawu choncho."

Pa chikuto analemba kuti Achewa a ku Kota Kota, ndipo sanalakwe. Koma khutu la mayiyu linamva mapiri pamene ine ndinkangomva Chichewa. Mwa azimayi onse amene anali pamenepo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamvapo kuti nyimbo zoterezi zinajambulidwa, kapena kumene zili.

Mayi yemweyu ndiye anali mtsogoleri wa chiwoda m'mudzimo. Chiwoda ndi gule wa azimayi a m'mphepete mwa nyanja, kuno, ku Likoma ndi madera oyandikira, ndipo nawonso ali ndi maboma awo, maudindo awo ndi mipikisano yawo. Amavina mozungulira, zitenje zofanana, oimba ng'oma ali pakati. Kuvina kwake si kwa phuma. Phazi limayenda pang'ono, chiuno ndi mapewa n'zimene zimanena nkhani, ndipo pali kunyada kwina kumene mayi wa ku Nkhotakota amaonetsa potembenuka, nkhope ili duu ngati sakudziwa kuti anthu akumuyang'ana. Ndinawaonera pa chinkhoswe cha mwana wa mlongo wake wa mtsogoleriyo, ndipo ndinaiwala kuti ndabwera ndi foni mpaka nyimbo ziwiri zitadutsa.

M'chiwoda mawu ndiwo mwini nyimbo. Chuni chimakwera ndi kutsika motsata mmene mawuwo amatchulidwira polankhula, moti ukasintha liwu limodzi chuni chimapindika nacho. Ndipo mawuwo amaluma. Amanena mwamuna amene akagulitsa nsomba ndalama zimathera kugombe komweko, mkazi wachiwiri wonyada, apongozi olowerera za m'nyumba. Achikulire amakumbukabe za amuna opita ku Wenela ndi ku Salisbury n'kukhala matchona. Nyimbo zoterozo zinachepa pamene Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, koma zabweranso tsopano chifukwa ana awo ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Aliyense pabwalopo amadziwa amene akunenedwa. Wonenedwayo amaseka nawo, kapena amapita kukafupa kuti nyimbo isinthe. Ukaitenga nyimbo yotere n'kukaiimba ndi gitala wokha wopanda mawu, watenga chikho, mowa wausiya.

Nditapempha chilolezo chojambula ndi kukaimba kwathu, mtsogoleri uja sanazungulire.

"Mwana wanga, mukakaimba ku Lilongwe anthu n'kulipira pakhomo, ndalamazo adya ndani? Nyimbo yachitatu ija anapeka ndi uyu apayu, mwamuna wake atamuthawa. Analira nayo chaka chathunthu. Inu mukaitchula kuti ndi ya makolo?"

Azimayi a kuno ali ndi chifukwa chofunsira choncho. Ndi pa Nkhotakota pomwe pano pamene msonkhano wa Malawi Congress Party mu 1960 unapatsa Dr Banda utsogoleri wa chipani wa moyo wake wonse, ndipo kwa zaka zoposa 30 zotsatira machuni a chiwoda, chimtali ndi magule ena a azimayi anavekedwa mawu otamanda Ngwazi. Kuyambira mu 1994 chipani chilichonse chachita chimodzimodzi, kungosintha dzina ndi mtundu wa nsalu. Anaona nyimbo zawo zikukwera lole, zikulira pa wailesi, iwo n'kubwerera ndi chitenje chimodzi. Woimba wa gitala akabwera lero ndi mawu okoma a kusunga chikhalidwe, kwa iwo ndi lole ina.

Lamulo lilipo, koma silifika pamene pali bala. Copyright Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa ya 1989, imati zaluso za makolo zili m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse a m'Malawi, ndipo wofuna kuchita nazo malonda ayenera kupempha chilolezo. Bungwe la COSOMA, limene linayamba mu 1992, ndilo limatolera ndalama za oimba. Koma nyimbo ya mayi uja si ya makolo osadziwika. Woipeka ali moyo, ali ndi dzina, mudzi wonse ukumudziwa, kungoti sanalembetse kulikonse. Apa ndinene maganizo anga mosabisa: liwu lija timakonda kulemba pa zimbale lakuti "Traditional" nthawi zambiri ndi ulesi, ndipo nthawi zina ndi kuba. Timalilemba chifukwa sitinafunse, kapena chifukwa tikudziwa kuti tikafunsa tilipira.

Tinagwirizana pamaso pa a nyakwawa. Ndinapereka kangachepe ku thumba la gulu, osati kwa munthu mmodzi, ndinalemba m'kope dzina la wopeka nyimbo iliyonse, wotsogolera, mudzi ndi mwambo umene imaimbidwira, ndipo tinapangana kuti tikadzafuna kuijambula mu situdiyo tidzabweranso kudzakambirana mwatsopano. Nyimbo imodzi anakana. Sanapereke chifukwa, inenso sindinafunse.

Pali zinanso zimene sindinapemphe n'komwe. Sikiri ndi pemphero, si choimbira anthu akumwa. Nyimbo za kudambwe, za kutsimba ndi za pamaliro zili ndi malo ake. UNESCO inalemekeza gule wamkulu mu 2005, koma ulemu umenewo sunatsegule dambwe kuti aliyense wa gitala alowemo.

Zimene ndinazisakadi osazipeza bwino ndi nyimbo za asodzi. Usiku nyanja imadzaza nyali za maboti a usipa, ndipo chimene umamva ndi injini ndi timasipika tolira amapiano. Nyimbo yopalasira inkafunika pamene manja ambiri ankayenera kumiza nkhafi nthawi imodzi. Injini siifuna wotsogolera. Zotsalako ndinazimva m'mawa wina kwa amuna okoka khoka pagombe, mawu awiri atatu obwerezabwereza olimbitsa msana. Ngati pali nyimbo za kwa Malenga Chanzi zimene zili pangozi yeniyeni, ndi zimenezi, osati malipenga kapena chiwoda.

Nanga zimene ndinatenga zingaimbike bwanji pa zingwe? Malemu Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu 2021, anaonetsa kale njira ndi nyimbo za kumpoto: ankasiya ng'oma ndi mawu kuti zitsogole, zida zachizungu zizitsata pambuyo. Gitala asapatsidwe makodi ambiri; awiri kapena atatu akwana, ndipo malo ena angokhala chete. Besi atenge ntchito ya mphonda yaikulu. Pakhale wotsogolera ndi ovomera, ngakhale ovomerawo akhale omvera amene. Mpata uja wa mwendo uli m'malere usiyidwe momwemo, ndipo ndi bwino pakhale munthu mmodzi wovina kuti oimba aone chifukwa chake ulipo. Malipenga enieniwo savuta kunyamula: agogo anandigulitsa anayi, lalikulu limodzi ndi ang'onoang'ono atatu, atakulunga m'thumba la mpunga.

Mu Seputembala 2024 chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikira ku Fish Eagle Bay, m'boma lomweli la Nkhotakota, oimba ochokera kutali n'kuimba pamchenga womwewu. Alendo oterowo akamafunsa kuti nyimbo za kuno n'ziti, yankho lisamachokere ku Lilongwe kokha. Ndikupempha a unduna woona za chikhalidwe ndi a MBC, amene ali ndi matepi akale a magule a m'maboma onse, kuti zimene zinajambulidwa m'dera lino, pamodzi ndi za Tracey zili ku Makhanda zija, zibwere pa Nkhotakota Community Radio anthu azimve, atchule okha amene akuimbawo ana awo akadali moyo.

Kwa inu oimba anzanga amene mukufuna kupitako, nyengo yabwino ndi kuyambira Julayi mpaka Okutobala, mpunga utakololedwa, mvula isanagwe, pamene maukwati ndi mipikisano zimachuluka. Yambirani kwa mfumu, musakhale ndi changu, ndipo musanyamuke musanawasiyire eni ake memore khadi ya zonse zimene mwajambula. Mukadzatulutsa chimbale, pamalo paja munazolowera kulembapo "Traditional" mudzalembepo dzina la wopeka, la boma lake ndi la mudzi wake, ndipo gawo lake la ndalama mudzamutumizire.